Ndinapita Kukagulitsa Gitala ya Adada

1

Tsiku limene ndinanyamula gitala ya adada kupita nayo ku Boma la Karonga, mwamuna wanga anandigwadira. Chikwatirane anali asanachitepo zimenezo. Koma m'mawa umenewo Golden anagwada pa simenti, manja onse awiri atakakamira bokosi la gitalayo ngati mwana amene akukaniza mayi ake kupita kumunda.

"Fai, chonde usatero," anatero. "Chimene adada ako anakusiyira n'chokhachi. Ukachigulitsa udzalira moyo wako wonse."

"Ndikulira kale," ndinamuyankha. "Siyani bokosilo, minibasi indisiya."

Ndili m'njira ndinkadziuza kuti ndinakwatiwa ndi munthu wamtima wabwino. Amuna angati amene angagwade chifukwa cha katundu wa malemu apongozi awo? Ndikakumbukira maganizo amenewo lero ndimaseka ndekha, ndipo anzanga a kuntchito amandiyang'ana modabwa.

Dzina langa ndi Fainess. Ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Mwenilondo. Golden amachita geni ya mpunga, amagula kwa alimi n'kukagulitsa kwa anthu a malole, ndipo masiku ambiri amakhala pa njinga yamoto yake yofiira, pakati pa Boma ndi Songwe. Tinakhala m'banja zaka zisanu ndi zinayi popanda mwana.

Kwathu kuno ng'ombe zikangopita kwa makolo a mkazi, anthu amayamba kukuyang'ana pamimba. Apongozi anga aakazi anafika posiya kundipatsa moni wa "mwaghona". Ankangoti, "Palibe nkhani?" Ndinamwa mizu yowawa. Ndinasala kudya. Ndinapemphereredwa mpaka kugwa pansi. Kenako dokotala wina anandiuza mosabisa kuti ku Dar es Salaam kuli akatswiri amene angatiyeze tonse awiri n'kutithandiza, koma ndalama yake si ya mphunzitsi.

Apa m'pamene ndinakumbukira gitala.

2

Adada, a Ambokile, ankaimba besi. Kwa amene simuidziwa, besi ndi gitala ya nsambo zinayi zonenepa. Siilira pamwamba ngati zinzake, imagunda pansi, mawu ake umawamvera m'chifuwa. Ali mnyamata, m'ma 1970, adada anawoloka Songwe n'kukalowa bandi ina imene inkaimba m'mahotela ku Mbeya ndi ku Dar. Gitalayo anaigula kwa woimba wina wa ku Zaire amene ankabwerera kwawo. Inali yakale kale pa nthawi imeneyo, yopangidwa ku Amereka. Pakati inali yachikasu, kenako yofiira, m'mbali n'kuda, ngati chikuni chimene chikuzima.

Atabwerera kwathu ku Lupembe anakhala mlimi wa mpunga ngati wina aliyense. Koma Lamlungu masana ankailumikiza ku kasipika kawo ka batire la galimoto, ndipo akangogunda nsambo yaikulu ija nkhuku zinkabalalika pabwalo.

Akudwala matenda awo omaliza anati, "Iyi ndi ya Fainess. Allan akhoza kuisinthanitsa ndi foni."

Allan ndi mlongo wanga wamng'ono, amaimba kiyibodi ku tchalitchi. Mawu amenewo anamupweteka, koma ndi iye yemwe anandichenjeza titangoika maliro.

"Asisi, musaione kukalamba," anatero. "Zoterezi kunja amachita kuzisaka. Mtengo wake mukhoza kumanga nyumba."

Ananena izi pakhonde. Panali ine, Golden ndi Carol.

Carol ndi mnzanga wa ku sekondale. Ku boding'i iye ankagona bedi lapamwamba, ine lapansi. Ndiye anandiperekeza pa ukwati wanga. Amagulitsa usipa ku Ngara. Zaka zingapo zapitazo anatenga mimba, n'kutiuza kuti mwini wake ndi dalaivala wa thanki wa ku Tanzania amene anathawa. Ndinamulirira ngati mbale wanga. Ndinamugulira matewera, ndinamudikirira kuchipatala, ndipo mwana atabadwa Carol anandipatsa ulemu wotcha dzina. Ndinamutcha Kenan. Linali dzina limene ndinkasungira mwana wanga woyamba, koma ndinati, kalisungire chiyani, mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Gitalayo titabwera nayo ku Mwenilondo, Golden anaika bokosi lake pamwamba pa wadiropu, n'kumangapo loko. Anati n'cholinga choti Allan asaikhudze. Kiyi anasunga ndi iye. Ine sindinafunsepo, chifukwa ndinkaopa kuti ndikatsegula ndimva fungo la adada.

Nditaganiza zoigulitsa, ndinayamba kuuza Carol.

"Mnzanga, za akufa sagulitsa," anatero. "Udzitengera tsoka. Ingopemphera, nthawi ya Mulungu ikwana."

Golden nayenso anakana, ndipo nditamupempha kiyi anati anatayika. Ndinanyamula bokosilo lili chikhomere.

3

Allan ndiye anandilozera kwa a Fahadi. Ndi bambo a ku Mangochi, a ndevu za imvi, ndipo ali ndi shopu ya masipika, makiyibodi ndi mawaya kufupi ndi depoti. Ndi Asilamu, koma makwaya a matchalitchi onse amagula kwa iwo. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'sitolo ya zoimbira ku Joni, ndipo amadziwana ndi anthu a ku Dar amene amasaka zinthu zakale.

Ataona bokosi lalitali lija anaseka. "Takulandirani, mayi. Mwanyamula maliro a ndani?"

"Ndi gitala ya malemu adada. Ndikufuna mundiuze mtengo wake, ndipo ngati n'kotheka mundipezere wogula. Ndine Fainess, mwana wa a Ambokile a ku Lupembe."

Kuseka kunawathera pomwepo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwati ndinu ndani?"

Ndinabwereza. "Munkawadziwa adada?"

"Dzinalo ndinalimvapo," anatero, n'kuwerama kufunafuna sowo.

Anadula loko. Chivundikiro chitatseguka, fungo lija linandipeza: fodya, nsalu yakale, mafuta a makina osokera amene adada ankapaka pa tizitsulo. Gitala inagona mmenemo, mitundu yake yomwe ija. Misozi inayamba yokha.

A Fahadi anainyamula n'kuiyeza m'manja. Anainunkhiza. Anaitembenuza n'kuyang'anitsitsa kachitsulo ka makona anayi kamene kali kumbuyo, pamene khosi la gitala limalumikizana ndi thupi. Kenako anandipempha chilolezo, n'kumasula khosilo ndi sikuludiraiva. Anasuzumira m'kati nthawi yaitali, akuwalitsa ndi tochi ya foni.

"Mayi," anatero, "bokosili ndi lakale, ndi lenileni. Gitalayi ayi."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Yakale penti yake imang'aluka timizere ting'onoting'ono, ngati chidendene cha mlimi. Iyi achita kuikhula ndi sandipepa kuti ioneke yotopa. Pa kachitsulo apa payenera kukhala nambala yodinda, koma taonani, m'posalala. Kuno kumapeto kwa khosi a fakitale ankadindako mwezi ndi chaka. Kulibe kanthu. Zoterezi ku Mbeya amazipachika mndandanda m'mashopu. Mtengo wake ndi wa njinga yakapalasa."

Ndinakwiya. Ndinaganiza kuti ndi nzeru za anthu a geni, kunyoza katundu kuti amugule motchipa. Ndinawalanda gitalayo kuti ndiibwezere m'bokosi. Ndipamene ndinakumbukira kuti ya adada inali ndi chizindikiro kumbuyo, cha kumunsi: kansomba kakang'ono kozokota ndi msomali. Ndinaitembenuza. Ndinasisita ndi chala. Panalibe kanthu.

Ndinangokhala pa sipika imene inali pafupi.

"A Fahadi, angachite zimenezi ndani?"

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana panja, kumene anyamata a kabaza ankalimbirana munthu.

"Pitani kunyumba, mayi," anatero. "Mundipatse nthawi ndiganize. Mudzabwerenso."

4

Ndinapeza Golden ali pakhomo. Ku Songwe sanapite tsiku limenelo. Anamvetsera nkhani yonse atagwira mutu, kenako anamenya tebulo.

"Allan! Ndinkanena ine."

"Koma kiyi anali ndi inu."

"Timaloko timeneti timatseguka ndi waya. Taganiza bwino, Fai. Amadziwa kusiyanitsa magitala ndani m'banja mwanu? Anakwiya ndani adada ako atamumana? Ananena za mtengo wake ndani, maliro asanazizire n'komwe?"

Zinamveka. Mawu aliwonse analowa pamalo pake.

"Ndipo usabwererenso ku shopu kuja," anapitiriza. "Anthu a geni aja akupusitsa. Mwina ali limodzi ndi Allan yemweyo. Tizisiye m'manja mwa Mulungu."

Mawa lake iye anadzuka m'mawa, n'kunena kuti akupita ku Songwe. Ine nditaweruka kusukulu ndinapita ku tchalitchi, kumene Allan ankaphunzitsa kwaya. Ndinamuitanira panja, pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinamukhuthulira zonse zimene zinali kukhosi. Mawu ena amene ndinalankhula sindingawalembe pano.

Allan sanakweze mawu. Anangondiyang'ana, maso atafiira.

"Mwamaliza, asisi?"

"Bweza gitala ya adada."

"Tiyeni kwa a Fahadi pompano. Mu Karonga muno palibe wina amene angapeze wogula gitala ija. Ngati inagulitsidwa, inadutsa m'manja mwawo. Ngati wakuba ndine, andizindikira."

Anali atayamba kale kuyenda. Ndinamutsatira, koma m'mutu munayamba kuzungulira funso limodzi. Wakuba amathamangira kwa mboni? Nanga amene akundiletsa kubwererako uja ndani?

5

A Fahadi atationa anamaliza msanga ndi kasitomala amene anali naye, n'kutseka chitseko cha shopu masanasana.

"A Fahadi," anatero Allan, "asisi angawa akuti ndinaba gitala ya adada. Munandionapo nditanyamula besi muno?"

"Si uyu, mayi," anatero. "Uyu amangobwera kudzagula mawaya n'kumanenerera mpaka kunditopetsa."

Anatipatsa mipando, iwo n'kukhala pa katoni.

"Dzulo nkhaniyi ndinakaifikitsa kwa mkazi wanga Nasra. Ndinkaopa kuti ndikalankhula anditenga ngati wogula zakuba. Iye anati, ukabisa ndiye kuti walowa m'gulu lawo. Wallahi, mayi, sindinkadziwa."

"Nenani," ndinatero.

"Papita zaka ngati zinayi. Kunabwera bambo wina wamtali, pa njinga yamoto yofiira, atakulunga gitala m'chitenje. Nditaimasula ndinaizindikira pomwepo. Zaka zonse ndili ku Joni yotero ndinangoigwirapo kamodzi. Nambala inalipo, chaka chinalipo, penti, timaginito ta pansi pa nsambo, zonse zake za kufakitale, palibe chimene anasinthapo. Ndinafunsa bokosi lake, chifukwa likakhalapo mtengo umakwera. Anati linadyedwa ndi chiswe. Anati gitalayo ndi ya malemu apongozi ake."

"Bamboyo ali ndi mpata m'mano akumwamba?" ndinafunsa.

"Ali nawo."

Allan anatukwana m'Chinkhonde, m'shopu mwa munthu wamkulu. A Fahadi anangokweza dzanja.

"Sindinamalize. Ine ndinamuuza kuti katundu wamasiye sindigulitsa popanda mwini wake. Ndinati abwere ndi mwana wa malemuyo. Mawa lake anabwera ndi mkazi wake. Mayi woyembekezera, mimba yotopa nayo. Anati dzina lake ndi Fainess, mwana wa a Ambokile a ku Lupembe."

Allan anandigwira mkono. Ine mimba sindinakhalepo nayo, ngakhale ya mwezi umodzi.

"Simunamufunse chiphaso?" anafunsa Allan.

"Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndidzavomera kulikonse. Koma mayiyo ankadziwa zonse. Za bandi, za ku Mbeya, za batire la galimoto. Analira misozi yeniyeni pamene mwakhalapo. Nditaona kansomba kumbuyo kuja n'kunena kuti katsitsako mtengo, anaseka, n'kuti anakazokota yekha ndi msomali ali mwana, koma amene anakwapulidwa ndi mlongo wake. Ndikanakayika bwanji? Ndinaimbira munthu wa ku Dar, anabwera, analipira, ine ndinatengapo gawo langa."

Allan anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono.

"Asisi, munali inu? Zikoti zonse zija?"

Likanakhala tsiku lina tikanaseka mpaka kugwa. Koma ine sindinaseke. Nkhani ya kansombayo adada anamwalira osaidziwa. Allan sankaidziwa. Golden sindinamuuzepo. Ndinauza munthu mmodzi yekha padziko lapansi, tili Fomu 2, tikuchapa mayunifolomu kuseri kwa hositelo.

"Allan," ndinatero, "tiye tikakwere ya ku Ngara."

6

Nyumba ya Carol ndi ya njerwa zootcha, malata abuluu, sola pamwamba. Ankati anamanga ndi phindu la usipa ndi ngongole ya banki m'khonde. Makatani ake ndinamusankhira ndine. Kunyanja kunali boti la injini limene ankati ndi la achimwene ake.

Dzuwa linali likuotcha, mchenga ukulowa m'nsapato. Tinadutsa pakati pa matandala oyanikapo usipa, ndipo kuseri kwa nyumba, pamthunzi, ndinaona njinga yamoto yofiira. Songwe ali kumpoto. Ngara ali kummwera.

Chitseko chinali chotsegula. Golden anakhala pa sofa atavula malaya, Kenan ali pamiyendo pake akusewera ndi makiyi. Carol anaima pakati pa chipinda, akulankhula mofulumira ndi mawu apansi. Woyamba kundiona anali mwana.

"Mama Fai!" Anatsetsereka n'kundithamangira, kundikumbatira m'miyendo.

Ndinamusisita kumutu. Kenako ndinayang'ana mnzanga.

"Carol, tandiuza dzina lako."

"Fai, tamvera..."

"Ndafunsa dzina lako. Ku Boma akuti ndiwe Fainess."

Anakhala pansi, pa simenti, ngati munthu amuthyola msana. Golden anaimirira n'kuyamba kufunafuna malaya.

"Fai, izi tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kuti? Ino si nyumba? Malata awa si a adada? Sofa mwakhalapoyo si ya adada?"

"Sindinkafuna, mnzanga," anatero Carol akulira. "Golden anati ndikapanda kupita a Fahadi sagulitsa. Ndinali pafupi kuchira, ndinalibe pokhala. Ndikanatani?"

"Nanga dalaivala wa thanki uja ali kuti?"

Ndinayang'ana pansi, kwa mwana amene anali chigwirire chitenje changa. Anandimwetulira. Timano take takumwamba tinali ndi kampata. Chipumi, makutu, kaimidwe. Zaka zonsezi ndinkamusambitsa mwana ameneyu, kumudzoza mafuta, kumubereka kumsana, osaona kanthu.

Golden ataona kuti chobisa chatha, manyazi anamuchokera. Anayamba kulankhula ngati ali pabwalo la milandu ndipo wolakwa ndine.

"Ndine mwamuna, Fai. Unkafuna ndife wopanda wondilira? Gitala ija inkangodya fumbi pamwamba pa wadiropu. Iwe sunkaitsegula n'komwe. Ine ndinaisandutsa nyumba ndi boti. Ndipo usaganize kuti n'zobisa. Amayi akudziwa, amalume akudziwa. Ng'ombe zinapita kale kwa makolo a Carol."

Ndinakumbukira apongozi anga akundifunsa kuti "palibe nkhani?", chonsecho mdzukulu ali naye kale ku Ngara. Ndinakumbukira Khirisimasi imene ndinabwera ndi Kenan kwawo, iwo n'kumunyamula tsiku lonse osamutsitsa, ine n'kumati agogowa amakonda ana.

Allan anadumpha kuti amugwire pakhosi Golden. Ndinalowa pakati.

"Usamukhudze. Pali mwana."

Ndinamasula zala za Kenan pa chitenje changa chimodzichimodzi, n'kutembenuka. Ndili pakhomo, Carol analankhula. Sindikudziwa ngati ankadziteteza kapena ankafuna kundimaliza.

"Koma dzina la mwana unapereka wekha, Fai. Ine sindinakukakamize."

Pa zonse zimene ndinamva tsiku limenelo, mawu amene amandidzutsabe ndi amenewo.

7

Ku Mwenilondo ndinangokatenga zovala ndi mabuku anga. Ndinakakhala kwa Allan, amene anandilandira osatchulapo ngakhale kamodzi mawu anga a pansi pa mango aja.

Ankhoswe anakumana. A kwa Golden anati mitala si mlandu. Amalume anga anati mitala si mlandu ndithu, koma kuba ndi mlandu, ndipo kuvala dzina la munthu wamoyo ndi mlandu woposa. Sanamvane, nkhani inapita kukhoti. A Fahadi anatseka shopu n'kudzaperekera umboni, ndipo analoza Carol pamaso pa anthu onse osaphethira. Tisanalowe m'khotimo anandiitanira pambali n'kundipatsa envulopu. Linali gawo lawo lija. Palibe amene anawapempha.

Banja linatha. Khoti linalamula kuti boti ligulitsidwe, ndalama zake zibwere kwa ine. Za nyumba ndinati isiyeni, mumagona mwana. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale theka la mtengo wa gitala ija.

A Fahadi anaimbira munthu wawo wa ku Dar kufunsa ngati ingabwerere. Anati inawoloka nyanja kalekale, ndipo amene anaigula anagulitsanso kwa wina. Penapake ku Ulaya pali munthu amene akugunda nsambo za adada, ndipo sadziwa kuti Lupembe ndi chiyani. Yabodza ija anaitenga Allan. Amaiimba ku tchalitchi, ndipo imalira ndithu. Ine Lamlungu limene akuiimba ndimakhala kumbuyo, kufupi ndi khomo.

Ku Dar ndinapitabe, ndekha. Anandiyeza n'kupeza kachotupa m'chiberekero. Anakachotsa, ndipo sabata isanathe ndinatuluka m'chipatala. Dokotala wake, mayi wachikulire, anandigwira dzanja.

"Pole, mama. Vuto lanu linali laling'ono. Mukanabwera zaka zisanu zapitazo bwenzi pano muli ndi wa kusukulu. Koma nthawi ikadalipo. Amuna anu ali kuti?"

Ndinangoyang'ana kudenga. Zaka zisanu zapitazo gitala inali ikadali pamwamba pa wadiropu. Inali yokwanira ulendo umenewo, n'kutsalako. Mwana amene Golden ankamufunayo akanamupeza m'nyumba mwake momwe.

8

Inu amene mwawerenga nkhani yangayi, sindikuuzani kuti musamakhulupirire amuna anu, kapena kuti musakhale ndi anzanu apamtima. Munthu sangakhale yekha ngati chitsa. Ine ndemwe ndinapulumuka chifukwa cha mlongo amene ndinamutcha wakuba, ndi bambo wa shopu amene sanali mbale wanga. Koma chimene ndinaphunzira n'chakuti wakuba wochokera kutali amaba mbuzi n'kuthawa. Amene angavale dzina lako, n'kulira misozi yako pamaso pa anthu, ndi yekhayo amene unamuuza zakukhosi. Ndipo anthu akakuunjirira kuti "usapite, usafunse, zisiye m'manja mwa Mulungu," uziyang'ana kaye kuti kukhala chete kwako kukudyetsa ndani.

Anthu amandifunsa ngati ndinakhululuka. Masiku ena ndimati eya. Za gitala ndikhoza, chifukwa ndi thabwa ndi mawaya. Za Golden ndikhoza, chifukwa ndinamuona mmene alili ndipo sindimusowa. Za Carol ndimayesa, koma pemphero limathera pakati.

Mwezi watha ndinali mu msika wa pa Boma, ndikusankha nthochi zophika. Ndinamva wina akundikoka chitenje.

"Mama Fai, bwanji simubweranso kwathu?"

Watalika, ndipo anali atavala yunifolomu ya ku nazale. Kutsogoloko, kuseri kwa benchi la tomato, mayi ake anaima chilili, beseni lili pamutu, osasuntha.

Ndiuzeni inu, mukanatani? Mwanayo sanabe kanthu. Sanasankhe bambo, sanasankhe mayi.

Ndinaika nthochi pansi n'kumunyamula. Akulemera tsopano. Ndinamuuza kuti ndinali pa ulendo wautali, ndinamupukuta kumaso, n'kumugulira mandasi awiri. Kenako ndinamutsitsa, n'kumulozera kumene kunali mayi ake, ndipo anathamanga akutafuna.

Mayi akewo sindinawayang'ane. Ndinalipira nthochi zanga n'kutulukira geti lina.